Makiyi a Chipata cha Sukulu: Mbiri ya Kalandiridwe ka Ana m'Sukulu za Akatolika ku Mangochi

Tonse amene tiri pa koleji pano tinadutsa pa zipata zingapo tisanafike. Timakonda kunena kuti tinadutsa ndi nzeru zathu, ndipo nzoona kuti mayeso tinalemba. Koma chipata chiri chonse chimakhala ndi mlonda wake, ndipo mlondayo amakhala ndi muyeso wa mwana woyenera kulowa. M'nkhani ino ndifuna kulondola mbiri ya muyeso umenewu m'sukulu za mpingo wa Katolika kwathu ku Mangochi ndi m'madera oyandikana nako, kumwera kwa nyanja.

Ku Mangochi funso limeneli ndi la tsiku ndi tsiku, pakuti eni sukulu zambiri ndi makolo a ana ambiri sapembedza pamodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 ali onse, koma m'boma la Mangochi amapitirira 70 mwa 100. Kumeneko mwana wa shehe ndi mwana wa katekisiti amakhala pa benchi imodzi, pansi pa mtanda wopachikidwa pakhoma, akuphunzitsidwa ndi mphunzitsi wolandira malipiro ku boma. Kuti zifike pamenepa papita zaka zoposa 130, ndipo m'zaka zimenezi makiyi a chipata anachoka m'manja mwa mfumu napita kwa wansembe, kenaka kwa boma, kufikira pamene boma ndi mpingo anawagawana. Chimene ndifuna kuonetsa nchakuti ana ambiri amene anatsala kunja sanabwezedwe ndi lamulo lolembedwa ai. Anabwezedwa ndi mtengo umene mwana ankayenera kupereka akalowa: nthawi ina dzina lake ndi chipembedzo cha makolo ake, nthawi ina ndalama, nthawi ina mpango wa kumutu.

Kwa Mponda

Sukulu yoyamba ya amishoni m'dera lathu inali ya Asikochi a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 nasamukira ku Bandawe mu 1881 atavutika ndi malungo. Akatolika anadza pambuyo pake. Kumapeto kwa Disembala 1889, ansembe atatu a chipani cha White Fathers, Adolphe Lechaptois, Valentin Heurtebise ndi Joseph Mercui, pamodzi ndi bulazala mmodzi, anafika pamudzi wa Mfumu Mponda, pafupi ndi pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Mkulu wawo, Kadinala Charles Lavigerie, anali atapangana ndi boma la Portugal, limene linkafuna kuonetsa kuti dziko lino ndi lake Angerezi asanalitenge.

Mponda anali mfumu yamphamvu ya Ayao, yogwira njira ya malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo Chisilamu chinali chitafika kale pabwalo pake. Ansembewo anatsegula kasukulu, namapatsanso odwala mankhwala. Koma zakuti mwana uti alowe sizinali m'manja mwawo konse. Iwo anali alendo okhala pamalo opatsidwa, ndipo mwana ankabwera mfumu ikalola ndi makolo akalola, nkusiya tsiku limene iwo afuna. Mu Juni 1891, atakhala chaka chimodzi ndi theka, ansembewo ananyamuka ulendo wa kumpoto nakakhazikika ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia, osasiya mpingo m'mbuyo. M'chaka chomwecho asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Mponda namanga linga limene linapatsa boma lathu dzina lake lakale la Fort Johnston. Pachiyambi penipeni tsono, sukulu ndiyo inkapempha mwana, ndipo makiyi anali kwa mfumu.

Makwerero a wansembe

Akatolika anabweranso mu 1901, pamene ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu. A White Fathers anatsatira mu 1902 ku Mua, ndipo mu 1908 a Montfort anafika ku Utale, kufupi ndi Balaka. M'mphepete mwa nyanja kwathu, Aangilikani a UMCA ndiwo anatsogola ndi mishoni zawo za Mpondasi ndi Malindi, Akatolika nkumalowa pang'onopang'ono.

Sukulu ya kumudzi ya masiku amenewo inali chisakasa cha udzu chimene Lamulungu chinkasanduka tchalitchi, ndipo mphunzitsi wake ndiye analinso katekisiti. Kuti chisakasacho chimangidwe pankafunika chilolezo cha nyakwawa, ndipo mpingo umene wayamba kuzika mtengo pamudzi ndiwo unkatenga mudziwo. Motero mipingo inkapikisana, wina ali yense kufuna kuchulukitsa midzi ndi ana. Pa sukulu yotere panalibe mayeso olowera, panalibe kufunsa zaka, panalibe kufunsa chipembedzo. Anyamata a ndevu ankakhala pansi limodzi ndi tiana, onse akulemba a e i o u pamchenga. Munthu woyang'ana pamenepa pokha anganene kuti sukulu ya Akatolika inkalandira ali yense, ndipo sangakhale akunama.

Chipata chenicheni chinali pa khwerero lachiwiri. Sukulu ya kumudzi inkathera pa kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono ndi katekisimu. Wofuna kupitirira ankayenera kupita ku sukulu ya pamishoni, kumene malo anali ochepa ndipo ana ochokera kutali ankagonera komweko. Apa wansembe ndiye ankasankha, pomvera mau a katekisiti, ndipo sikovuta kudziwa amene ankayamba kuganiziridwa: mwana wobatizidwa, kapena amene ali m'kalasi lokonzekera ubatizo. Kwa a White Fathers kukonzekera kumeneku kunkatenga zaka zinai. Khwerero lachitatu, la uphunzitsi, linali la Akhristu okhaokha, popeza mphunzitsi ankayeneranso kutsogolera mapemphero.

Tisafulumire kunena kuti ansembewo ankachita izi mwa nkhanza. Iwo ankatsata chiphunzitso cha mpingo wawo cha nthawi imeneyo. Malamulo a mpingo a 1917 ankaletsa ana a Akatolika kupita ku sukulu zosakhala za Katolika popanda chilolezo cha episkopi, ndipo mu 1929 Papa Pius XI anabwereza mfundo yomweyi m'kalata yake ya za maphunziro. Ngati mwana wa Mkatolika saloledwa kupita kwina, nkosadabwitsa kuti pa sukulu ya mpingo wake iye ndiye anali woyamba pamzere. Mu 1928 nthumwi ya Papa, Arthur Hinsley, inauza maepiskopi amene anasonkhana ku Dar es Salaam kuti ngati mphamvu zawo sizikwanira zonse ziwiri, ndi bwino kusamala sukulu koposa matchalitchi. Sukulu inali khomo la mpingo, ndipo palibe amene ankabisa zimenezi.

Makolo a Chisilamu nawonso ankaziona bwino lomwe. Chisilamu chinali chitazika mizu pakati pa Ayao kuyambira m'zaka za m'ma 1870, pamene Mfumu Makanjira inachilandira, ndipo mashehe onga Abdallah bin Haji Mkwanda anachifalitsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Chinalukana ndi jando, ndi maukwati, ndi maliro. Bambo wotumiza mwana wake kukagonera pamishoni ankadziwa kuti kumeneko nyama siikhala yochinja, kuti mwanayo akaphunzira kugwada pamaso pa mtanda, ndi kuti angabwere ndi dzina lachilendo nakana kuika maliro a makolo ake mwa mwambo wawo. Kawirikawiri timamva anthu akuti Ayao ankadana ndi sukulu. Mau amenewa ndi aulesi. Anthu amene ankatumiza ana awo ku madrasa kukaphunzira kuwerenga zilembo za Chiarabu sangatchedwe odana ndi maphunziro. Iwo anawerengera mtengo wake naona kuti ndi wokwera.

Agogo anga akuchimuna anafika Sitandade 3 pa sukulu ina ya mishoni. Amasimba kuti masamu ankawatha kuposa anzawo onse, koma itafika nthawi yopita kogonera, mphunzitsi anawanong'oneza kuti zikanayenda bwino akanalowa kalasi la ubatizo. Palibe amene anawathamangitsa. Bambo awo atamva anangoti, "Basi, waphunzira mokwana, tiye kunyanja." Anapalasa bwato zaka zingapo, kenaka anapita ku Joni. Mnzawo amene anabatizidwa anakhala mphunzitsi, ndipo ana ake onse anaphunzira. Ana a agogo anga, kupatula mmodzi, sanamalize pulaimale. Anyamata ena anapeza njira yapakati: ankatenga dzina la kusukulu, la Chikhristu, nkumalivula ngati malaya akafika kumudzi. Kufikira lero kwathu kuli akuluakulu a maina awiri, la pa satifiketi ndi la ku mzikiti.

Ndalama za boma

Boma la atsamunda linachedwa kulowerera pa za maphunziro. Thandizo lake loyamba, mu 1907, linali mapaundi 1,000 okha oti mishoni zonse zigawane. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, boma linakhazikitsa ofesi ya maphunziro mu 1926, ndipo lamulo la maphunziro linatsatira mu 1927. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mishoni zolandira ndalama zinayenera kulandiranso oyendera sukulu, silabasi ya boma ndi aphunzitsi a satifiketi. Komabe boma linkayang'ana za m'kalasi, ndipo za pachipata linazisiya m'manja mwa eni sukulu.

Masekondale oyamba anabadwa ogawikana kale. Blantyre Secondary School ya 1940 inali ya mipingo ya Chipulotesitanti, ndipo Zomba Catholic ya 1942 inali ya Akatolika. Sekondale yoyamba ya boma, ya ku Dedza, inatsegulidwa mu 1951. Koma kuti mnyamata wa ku Namwera kapena ku Makanjira aganiziridwe ngakhale ku Dedzako, ankayenera kuyamba wamaliza Sitandade 6, ndipo makalasi apamwamba amenewa ambiri anali pamishoni. Anthu amene anadutsa m'masekondale atatu amenewa ndiwo anadzakhala makalaliki, aphunzitsi, ndi akuluakulu a boma pa nthawi ya ufulu. Boma limene ana ake anatsala pa khwerero lachiwiri linalowa m'dziko latsopano liri ndi anthu ochepa m'maofesi, ndipo kuchepa kumeneku kunabereka kuchepa kwina, pakuti mwana amaphunzira msanga pakhomo pamene pali wina wodziwa kuwerenga.

Makiyi apita ku Unduna

Zinthu ziwiri zinasintha nthawi imodzi, china ku Zomba, china ku Roma. Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha Ogasiti 1961, Kanyama Chiume anakhala nduna ya maphunziro, ndipo lamulo latsopano la maphunziro linatuluka mu 1962. Boma la Amalawi linanenetsa kuti sukulu yolandira thandizo la boma isabweze mwana chifukwa cha chipembedzo chake. M'zaka zotsatira ufulu wa 1964, kusankha ana opita ku Fomu 1 kunakhala ntchito ya Unduna wa Maphunziro, potsata mayeso a Sitandade 8. Mpingo unatsala ndi nyumba, mtanda, mapemphero a m'mawa ndi mwambo wa sukulu, koma mndandanda wa maina unkachokera ku likulu.

Ku Roma nako, pa 28 Okutobala 1965, msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II unatulutsa zikalata ziwiri zimene zimatikhudza. China, Nostra Aetate, chinanena za Asilamu mwaulemu, monga anthu opembedza Mulungu mmodzi. Chinacho, Gravissimum Educationis, chinayamikira sukulu za Katolika zimene zimalandira ana osakhala Akatolika, makamaka m'maiko a mishoni, chinapemphanso kuti sukuluzo zisamalire kwambiri osauka. Mpingo umene mu 1929 unkaona sukulu ngati mpanda wotchinjiriza ana ake, tsopano unayamba kuiona ngati utumiki kwa anthu onse.

Dayosizi yathu inabadwa m'nyengo yatsopano imeneyi. Dera la Fort Johnston linapatulidwa ku dayosizi ya Zomba mu 1969, ndipo mu 1973 linakhala dayosizi ya Mangochi pansi pa Ambuye Alessandro Assolari, wansembe wa Montfort wochokera ku Italy. Sukulu za St Augustine m'tauni ya Mangochi, sekondale ya atsikana ya St Monica ndi sukulu za m'maparishi onga Namwera, Mpiri ndi Nankhwali zaphunzitsa ana a Chisilamu ambirimbiri amene anatuluka ali Asilamu monga analowera. Ichi tiyenera kuchinena poyera, chifukwa ena a ife tiri pano chifukwa cha sukulu zimenezi. Malo amodzi okha ndiwo anatsala ndi chipata chakale, ndiwo seminale. Ku seminale yaing'ono, monga ya St Paul ku Mangochi, amalandira anyamata a Katolika obatizidwa, ovomerezedwa ndi bambo mfumu wa parishi yawo, okhoza mayeso olowera. Palibe wodandaula nazo, chifukwa cholinga cha sukuluyo nchodziwika ndipo muyeso wake saubisa.

Kodi mayeso a boma anathetsa vuto? Mayeso safunsa chipembedzo, koma amafunsa zinthu zimene mwana wa mphunzitsi amazipeza pakhomo, pamene mwana wa msodzi sazipeza. Malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri moti ana ankabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, ngakhale kanai, ndipo ena ankasintha maina kuti asaoneke ngati obwereza. Taonani m'mene dzina linakhaliranso chiphaso cholowera! Wokhoza kubwereza anali amene makolo ake akanatha kulipira fizi chaka china, ndi kumulola kuti asapite kunyanja kapena ku ukwati. Chipata chinatsegulidwa kwa onse, koma ena anali atayamba ulendo zaka makumi asanu m'mbuyomo. M'zaka za m'ma 1980 mabungwe a Chisilamu, mothandizidwa ndi ndalama zochokera ku maiko a Aluya, anayamba kumanga sukulu zawo ndi kulipirira ana fizi pofuna kutseka mpata umenewu.

Muyeso wa maepiskopi

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inagwedeza ulamuliro wa Dr Banda. Timaikumbukira chifukwa cha ndale, koma mbali ina ya kalatayo inali ya maphunziro. Maepiskopi anadandaula za kuthithikana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi, ndipo ananena kuti njira zosankhira ana opita ku sekondale ndi ku koleji ziyenera kudziwika kwa onse ndi kuoneka kuti zikuyenda mwachilungamo, kuti zisapondereze gulu lina liri lonse, ndi kuti mwai wa maphunziro usadalire amene mwana akumudziwa kapena ndalama zimene ali nazo. Ambuye Assolari anali mmodzi mwa osaina. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi yathu yomwe, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort inatenthedwa chifukwa cha iyo. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumseu kuikira kumbuyo maepiskopi. Mau amenewa anauzidwa boma, koma muyeso umene munthu ayesera mnzake ndi womwewo umene ayenera kuyesedwa nawo.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Malamulo aakulu a dziko a chaka chomwecho anapatsa munthu ali yense ufulu wa maphunziro ndi wa chipembedzo, naletsa tsankho. Ku pulaimale tsono nkhani yosankha inatheratu: mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akabwera amalembedwa, kaya kalasi ladzaza kaya ai. Mpikisano wonse unasamukira pa chipata cha Fomu 1, ndipo pamenepa boma ndi mipingo anagwirizana kugawana makiyi. M'sekondale za mipingo zothandizidwa ndi boma, malo 60 mwa 100 amadzazidwa ndi Unduna potsata mayeso a MANEB, ndipo 40 otsalawo ndi a eni sukulu, amene amalembetsa mayeso awoawo olowera.

Mpingo uli ndi zifukwa zake pa gawo limeneli, ndipo nzomveka. Akhristu ndiwo anaumba njerwa, anapereka mtulo, ndipo asisiteri ndi abulazala anathera moyo wawo pa sukuluzi. Nkowawa kuti mwana wa munthu amene anasenza mchenga womangira hositelo asapeze malo pamene ana ochokera kutali adzaza. Komanso sukulu imene iribe ana okwanira odziwa mapemphero ndi nyimbo za mpingo imataya mwambo umene makolo, ngakhale a Chisilamu, amaitamandira nawo. Koma mbali inayo irinso ndi zifukwa. Malo ambiri amene sukuluzi zinamangidwapo anaperekedwa ndi mafumu a Chisilamu, ndipo malipiro a aphunzitsi amachokera ku msonkho umene msodzi wa ku Malembo amapereka akagula mafuta a injini ya boti lake. Pamenepa mtengo wakale ukhoza kubwerera mwakachetechete. Ngati tsiku la mayeso olowera lalengezedwa m'tchalitchi mokha, mwana wopemphera Lachisanu adzalimva litapita. Ngati fomu ifuna kalata ya bambo mfumu, iye akaipeza kuti? Ngati pali ndalama yolembetsera ndi ya basi yopita kumalo olembera, wosauka wagwa asanagwire pensulo. Palibe wamubweza, monga momwe panalibe wobweza agogo anga.

Mpango wa kumutu

Chipata chatsopano chinaonekera pa chovala. Mu Novembala 2019 kunabuka chipolowe pa sukulu ya Aangilikani ya M'manga ku Balaka, atsikana ovala hijabu ataletsedwa kulowa. Mu Okutobala 2020 ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulaimale ya Katolika ya Mpiri ku Machinga inatenthedwa pa mkangano womwewu, ndipo sukuluyo inatsekedwa miyezi ingapo. Eni sukulu ankati yunifolomu ndi mwambo wawo ndipo wobwera pakhomo pa mwini atsate za pakhomopo. Makolo ankati mwana wawo wamkazi akakula sangayende wosafunda kumutu, ndipo sukulu ina yapafupi palibe. Kutentha nyumba nkulakwa kumene palibe angakuikire kumbuyo, koma amene analipira mtengo wa mkanganowo ndi ana a mbali zonse ziwiri, amene anakhala pakhomo anzawo a kwina akuphunzira. M'boma limene atsikana ambiri amasiya sukulu msanga chifukwa cha maukwati ndi mimba, miyezi ingapo ya pakhomo ikwana kuti wina asabwererenso.

Mu Juni 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasaina mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijabu ya mtundu wogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mkhalapakati anali bungwe la Public Affairs Committee, limene linabadwa mu 1992 pambuyo pa kalata ya maepiskopi ija, Akhristu ndi Asilamu ali limodzi. Mgwirizano umenewu ndi wofunika m'mbiri yathu chifukwa mbali ziwirizi zinakhala pansi ndi kulemba poyera chimene mwana sayenera kusiya pachipata.

Tisaganize kuti vutoli ndi la kwathu kokha. Ku Ireland, kwao kwa amishoni ambiri amene anagwira ntchito mu Africa, pafupifupi sukulu za pulaimale 9 mwa 10 ziri zonse ziri pansi pa mpingo wa Katolika, ngakhale boma ndilo limalipira aphunzitsi. Sukulu ikadzaza, ana obatizidwa ndiwo ankayamba kulandiridwa, kotero kuti makolo ena osapemphera ankabatiza ana awo pongofuna malo. Mu 2018 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaletsa sukulu za pulaimale za Katolika zothandizidwa ndi boma kusankha ana poyang'ana ubatizo. Ubatizo wofunira malo a sukulu ku Dublin ndi dzina la kusukulu la ku Mangochi ndi ana a mai mmodzi: chipata chikafuna chiphaso cha chikhulupiriro, anthu amaphunzira kunamizira chikhulupirirocho, ndipo mpingo weniweniwo supindula kanthu.

Mbiri imeneyi siindiuza kuti mpingo ulandidwe gawo lake ai. Sukulu za Katolika zakhala zina mwa zabwino koposa m'dera lathu, ndipo ubwino umenewu unachokera kwa eni ake. Chimene mbiriyi ikundiuza nchakuti muyeso wobisika ndiwo wawononga kwambiri kuposa woonekera. Seminale imanena poyera amene imafuna, ndipo palibe mwana wa shehe amene amapwetekedwa nayo. Kunong'oneza kwa mphunzitsi uja ndiko kunachotsa agogo anga pa sukulu. Motero pempho langa kwa akuluakulu a maphunziro m'madayosizi ndi lomwe lija maepiskopi anapereka kwa boma mu 1992. Tsiku la mayeso olowera lilengezedwe m'tchalitchi, ku mzikiti, pa bwalo la mfumu ndi pa wailesi. Ngati pa malo 40 aja pali ena osungira ana a parishi, chiwerengero chake chilembedwe pa bolodi la sukulu, ndipo otsalawo apikisanidwe ndi malikisi amene kholo liri lonse lingathe kuwaona. Ndalama yolembetsera ichotsedwe kwa amene mfumu ndi mphunzitsi wamkulu achitira umboni kuti alibe.

Ndipo ife a pa koleji pano tiri ndi ntchito yathu. M'maparishi akale muli mabuku a maina a ana ndi a ubatizo amene akudyedwa ndi chiswe, ndipo m'midzi ya Mponda, Makanjira, Jalasi ndi Nankumba muli nkhalamba za maina awiri zimene zikutha chaka ndi chaka. Wophunzira mbiri amene afuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza akwere basi ya ku Mangochi pa tchuthi chikudzachi, akawafunse akuluakuluwo kuti anasiyira kalasi liti, ndi kuti anawauza chiyani tsiku limene anasiya.